Khadi Lomwe Makina Anakana

Telala wa kuseri kwa malo omatira matayala ankadziwa kuimba gitala. Mkazi wake, namwino, anali wa kwaya asanakwatiwe, ndipo mawu anali akadalipo. Tsiku lina mlamu wake wa telalayo anawabweretsera makina ojambulira nyimbo, akale ndithu koma amoyo. Ankatha kujambula mawu asanu ndi atatu paokhapaokha, gitala pake, woimba pake, kenako n'kuwaphatikiza.

"Ndi abwinobwino, alamu," anatero powapereka. "Chasowa ndi memole khadi basi. Langa ndinadzazamo zithunzi za ukwati."

M'mawa mwake telala analowa mushopu ya mafoni n'kusankha khadi lalikulu kuposa onse, la magiga 256. Atafika kunyumba analilowetsa m'makina ali mwee. Kagalasi ka makinawo kanaphethira n'kulemba kuti khadilo silikudziwika. Analitulutsa, analiuzira, analipukuta pamalaya. Makina anakanabe.

"Kabuku kake mwawerenga?" anafunsa mkazi wake akuvula nsapato za kuntchito.

"Ine makina osokera ndimakonza popanda buku, mayi."

"Osokera, eya. Awa sasoka."

Namwino anavala magalasi n'kutsegula kabukuko yekha. Kumapeto kwake kunali mndandanda wa makhadi amene makinawo amalandira. Khadi lisapitirire magiga 32. Likhale lachangu, lokhala ndi nambala 10 m'kati mwa kachilembo konga C. Timakhadi ta m'foni tija timalowetsedwa m'chikhokho chachikulu, bukulo linkati tikhoza kudula nyimbo pakati.

"Ndiye kuti mwasokera khanda jekete la abambo ake," anatero namwino.

Telala anaseka mpaka kutsokomola. Nthabwalayo inamugunda pake penipeni.

Loweruka anapita onse awiri kushopu kuja, namwino atakopera mndandandawo pakapepala. Mayi wogulitsa anawerenga n'kugwedeza mutu.

"Aliyense amafuna lalikulu, bambo, moti aang'onowa ndi amene akusowa masiku ano. Dikirani."

Anagwada n'kufufuza mudilowa ya pansi, momwe munali zingwe za matchaja zopiringizana. Anatulutsa makhadi awiri a magiga 32. Limodzi analiyang'ana pa kuwala, n'kuliponyanso mudilowa.

"Ili ayi. Taonani zilembo zake zapendekeka. Otere amalonjeza zambiri kunjaku, m'kati mulibe malo. Tengani ili. Lalikulu lija bweretsani, ndiliika mu kamera ya pashopu."

Namwino anayerekeza khadilo ndi kapepala kake, chilembo ndi chilembo, ngati akuona mankhwala a wodwala.

"Ndi lomweli," anatero.

"Mukafika mukalifomate, ndiko kulikonza kuti liyambe kugwira ntchito, m'makina momwemo, osati pakompyuta," anawonjeza wogulitsa. "Koma kamodzi kokha, chonde. Mukadzabwereza mutajambula kale, nyimbo zonse zidzafufutika."

Masana omwewo anatseka mawindo a pabalaza, telala n'kupachika bulangete pachitseko kuti phokoso la msewu lichepe. Analowetsa khadi. Makina anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati afomate. Telala anayang'ana mkazi wake kaye asanadinde batani.

Gitala ndiye anayamba kujambulidwa. Kenako namwino anavala mahedifoni n'kuimba nyimbo yomwe ankakonda kung'ung'uza akamasita yunifolomu. Atamaliza, telala anabweza nyimboyo poyambira, namwino n'kuimbanso mawu apansi pamwamba pa oyambawo.

Pomvetsera, namwino anagwira pakamwa. Akazi awiri ankaimba mogwirizana bwino, ndipo onsewo anali iye.

"Wachiwiriyu akuchedwa kulowa," anatero patapita kanthawi, akupukuta m'maso.

"Muuzeni nokha, mayi. Ine ndimamuopa."

Anabwereza katatu mpaka mawu anakhala m'malo. Ng'oma analibe, choncho telala anatenga sizasi yake yaikulu n'kumaitsegula ndi kuitseka pafupi ndi maiki, khwe, khwe, khwe, motsatira gitala. Inamveka bwino kuposa mmene ankaganizira.

Tiyi amene anathira asanayambe kujambula anali atazizira m'makapu. Namwino anapita kukatenthetsa wina akuimbabe, telala n'kutsala akutchuna gitala kuti ayambe nyimbo yachiwiri.