Basi ya Amiyendo Yolimba

Chaka chilichonse tauni ya asodziyi imayeserera kuthawa, ngati kuti pafakitale ya magetsi a nyukiliya ya kugombe pachitika ngozi. Ndipo chaka chilichonse a khonsolo amasankha anthu amiyendo yolimba okhaokha, basi n'kunyamuka pa nthawi yake, akuluakulu oyendera ochokera ku Tokyo n'kubwerera atakhutira.

Ulendo uno belu lochenjeza litalira, Kotone anabereka bambo ake, amene miyendo yawo inafa kalekale, n'kutsika nawo masitepe onse a kuphiri. Anafika pabasi thukuta lili kamukamu, anzake atakhala kale m'mipando.

"Iwe Kotone, n'zoyeserera chabe izi," anatero a Urabe a kukhonsolo, maso ali pawotchi. "Akuluwa ukuwazunziranji? Bwerera nawo, utichedwetsa."

"Tsiku lenilenilo mudzandiuzanso kuti ndibwerere nawo?"

A Urabe anayang'ana oyendera aja, kenako chitseko chopapatiza cha basi.

"Urabe, mwana iwe," anatero mkuluyo ali kumsana, "wakulira nsomba zanga iwe. Tagwira miyendoyi, siiluma."

Anthu anaseka, koma kulowetsa munthu mmodziyo kunafuna amuna atatu, ndipo basi inanyamuka mochedwa kwambiri. Ali m'njira, mayi wina mwa oyendera aja anafunsa chapansipansi kuti kuphiriko kwatsala anthu angati otere. A Urabe anaweramitsa mutu n'kuyamba kutchula mayina, nyumba ndi nyumba. Ankawadziwa onse.