Diso la Deki

Jaffalie ankapukuta fumbi pa madeki akufa pamene mayi wina anaima pakhomo la shopu yake, atasenza kamtolo ka chitenje. Unali mwezi wa Okutobala, malata a mumsika wa Mangochi akuthetheka ndi dzuwa.

"Odi. Kodi ndinu Che Jaffalie okonza madeki?"

"Ndine ndemwe, mayi. Lowani, benchi iyo."

Panali patapita nthawi munthu asanakhalepo pabenchipo. Kale shopuyi inkadzaza. Eni nyumba zoonetsera mafilimu ankachokera mpaka ku Makanjira pa boti kudzakonzetsa madeki awo, n'kumakanganirana woyamba kuthandizidwa. Masiku ano anthu amangopita kwa obena nyimbo pakhonde loyandikana nalo, n'kuwaikira zonse m'mafoni. Mkazi wa Jaffalie anamwalira, mwana wake mmodzi yekhayo ali ku Joni ndipo amaimba foni mwa apo ndi apo. Iye ankatsegulabe shopu m'mawa uliwonse chifukwa kunyumba kunalibe womuyankhula.

Mayiwo anati dzina lawo ndi Elina, achokera ku Chembe. Atamasula chitenje chija munatuluka deki yakuda yopyapyala ndi chimbale chimodzi chokulungidwa m'kansalu koyera.

"Ndi cha kwaya ya kumpingo kwathu," anatero. "Amuna anga, a Simioni, ankaimba besi. Anatisiya chaka chatha. Zithunzi zawo zinaonongeka madzi atalowa m'nyumba, chatsala n'chomwechi. Koma ndikachiika chimangozungulira, kenako zii."

Jaffalie anamasula chivundikiro, ndipo m'katimo munatuluka fungo la utsi wowambira nsomba. Atalumikiza magetsi, kagalasi kakang'ono ngati njere ya mapira kanayamba kukwera ndi kutsika, kakufunafuna chimbale.

"Ili ndiye diso lake, mayi. Pansi pake pali kababu kotulutsa kuwala kofiira, timati leza. Kuwalako kumagunda kakalilole, n'kukhota, kudutsa m'disoli, n'kukalasa chimbale pa kadontho kochepa kuposa nsonga ya singano. Kukabwerera, ndiye makina amawerenga nyimbo ndi zithunzi. Lanuli latopa, komanso utsi waliphimba."

"Ndiye kuti nalonso limakalamba," anatero mayiwo, akuseka pang'ono.

Anaviika kathonje mu sipiriti n'kupukuta disolo mosamala, pakuti limalenjekeka pa timawaya topyapyala ngati tsitsi. Kenako anapotoza pang'ono kasikuluwu kowonjezera mphamvu ya leza. Ankadziwa kuti akapyoza muyezo, kababu kapsa.

Iye akugwira ntchito, mayi Elina ankayankhula. Anasimba momwe a Simioni ankaphunzirira nyimbo akusoka ukonde mpaka oyandikana nawo kudandaula, ndiponso momwe tsiku lojambula chimbale anavalira nsapato za mlamu wawo, zowathina, n'kubwerera kunyumba atazinyamula m'manja. Jaffalie anaseka mpaka anadabwa ndi mawu ake omwe. Posakhalitsa nayenso anapezeka akusimba za malemu mkazi wake, Hidaya, yemwe ankabwera ndi tiyi m'fulasiki n'kukhala pabenchi pomwepo kumanyoza mafilimu onse kuti ndi abodza.

Koma deki inakanabe. Mayiwo anayang'ana kunja, nati akachedwa asowa matola a ku Monkey Bay.

"Isiyeni. Mudzabwere Lachinayi," anatero Jaffalie.

Atachoka, anatsitsa madeki akufa aja imodziimodzi mpaka anapeza ya mtundu womwewo, imene inapsa ndi magetsi koma diso lake lili bwinobwino. Analichotsa, naliika m'deki ya mayi Elina, n'kulilinganiza ndi timasikuluwu kuti kuwala kuzigwera pachimbale molunjika, osapendekeka. Nthawi ya swala, pemphero la masana, isanakwane, chimbale chinazungulira mwakachetechete, ndipo pa sikirini panaoneka anthu ovala zobiriwira ataima pansi pa mlambe, akuimba.

Anaonera yekha mpaka kumapeto, akuyesa kulota kuti a Simioni ndi ati. Anasankha bambo wina wamtali, wa chifuwa chachikulu.

Lachinayi mayi Elina anafika ndi kaphukusi ka utaka wouma. Deki inali pansi pa tebulo, itafunditsidwa nsalu. Anakhala pabenchi paja n'kuyamba nkhani za ku Chembe: za mphepo ya mwera imene inachedwa kuleka chaka chino, za mdzukulu wawo amene wapeza ntchito yochapa zovala ku loji. Jaffalie ankamvetsera, manja ali pamaondo. Mumtima ankaona kale za mawa lake: benchi yopanda munthu, nyimbo za m'mafoni zikusokosa panja, iye akupukuta fumbi lomwe analipukuta dzulo.

"Nanga deki ija, bambo?"

Anamva pakamwa pake pakuyankha. "Sinathe, mayi. Diso lake likuvuta kupeza. Mwina sabata yamawa."

Mayiwo anagwedeza mutu. "Chabwino. Ndidzayesa kubwera."

Anadzuka, natambasula dzanja kuti agwire felemu ya chitseko, koma dzanjalo linadutsa pambali. Phazi linagunda chiundo, ndipo akanagwa pakanapanda khoma.

"Pepani mayi, khomoli ndi lokwera."

"Si khomo lanu ayi. Ndi maso angawa. Shuga akuwadya." Anayankhula mosadandaula, ngati akunena za nyengo. "Lamanzere linatha kale, lamanjali ndi limene likutsatira. Kuchipatala anandiuza kuti sangabwezenso. Ulendo watha uja chikwangwani chanu ndinawerenga ndekha. Lero ndachita kufunsa anthu."

Jaffalie anayang'ana nsalu imene inaphimba deki, nayang'ananso mayiwo, amene ankakonza chitenje chawo kuti atuluke.

"Mayi, takhalani pansi."

Anawerama n'kutulutsa deki ija, naiika patebulo. Sanathe kuwayang'ana kumaso.

"Ndakunamizani. Inatheka tsiku lomwe lija."

"Nanga bwanji?"

Jaffalie anapinda nsalu ija. "Kuno sikubwera anthu," anatero.

Mayi Elina anaika dzanja pa deki yawo. Panja wina ankaitanira malonda a madzi ozizira.

"Mukanangonena, bambo. Ku Chembe n'kutali." Anapumira m'mwamba. "Ikani tione."

Mayiwo anakokera benchi pafupi mpaka mphuno yawo inatsala pang'ono kukhudza sikirini. Nyimbo yoyamba inayamba ndi amayi a kutsogolo, ndipo iwo ankawatchula mayina motsitsa mawu, ena powaona, ena pongowamva. Pakati pa nyimbo yachiwiri chithunzi chinaima, n'kusweka kukhala timabokosi. Apa ndi pamene mchenga unakanda chimbale. M'kati mwa deki diso linamveka likugogoda, likubwerera, likuyesanso kupeza mzere umene lautaya. Tsiku loyamba lija linadutsapo, koma Jaffalie ankadziwa kuti diso lakale silidalirika. Akanapanda kunama, bwenzi akungodikira modekha monga wokonza aliyense. Tsopano anapezeka atagwira m'mphepete mwa tebulo, akupemphera chamumtima.

Diso linalumpha pokandikapo, nyimbo inapitirira, ndipo kamera inatembenukira kwa abambo a mzere wakumbuyo.

"Awo," ananong'ona mayiwo.

Sanali bambo wamtali uja. Anali munthu wochepa thupi, waufupi, wa mpata m'mano, atakweza chibwano ndiponso atatsegula kukamwa ngati nyimbo yonse yadalira iye. Jaffalie anadina batani loimitsa. Mayi Elina sanalire. Anatseka diso lamanzere ndi chikhatho, napendeka mutu, n'kuyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali.

"Kani anali atameta tsiku limenelo," anatero. "Ndinali nditaiwala."

Anapempha kuti abwezere, ndipo Jaffalie anabwezera. Anapemphanso, nabwezeranso. Kenako anamusiya a Simioni kuti aimbe mpaka nyimbo ithe.

Pomanga chivundikiro, Jaffalie anati, "Disoli ndalichotsa m'deki ina, ndi lakale. Lina ndilibe, ndipo masiku ano sakubweretsanso. Musamaonere tsiku lonse. Muziisunga kutali ndi utsi."

"Lindikwanira," anayankha mayiwo.

Jaffalie anatseka shopu dzuwa lili pamutu, chinthu chimene sankachita, n'kuwanyamulira kamtolo kaja mpaka kudepoti. M'njira ankawauza pamene pali dzenje ndi pamene pakubwera kabaza. Za bodza lija sanazitchulenso, ndipo za kudzabweranso panalibe anazinena. Anawapezera malo kutsogolo kwa galimoto, pafupi ndi zenera, nawaikira deki pamiyendo.

"Zikomo, Che Jaffalie. Utaka uja musausunge nthawi yaitali."

"Muyende bwino, mayi."

Anabwerera m'mbuyo n'kuima pamthunzi wa golosale, kudikira kuti galimoto idzaze. Itayamba kuyenda anakweza dzanja. Mayi Elina anatembenukira kuzenera, nkhope yawo italunjika pamene iye anaima, koma maso awo anamudutsa monga anadutsira ogulitsa nthochi ndi mtengo wa magetsi. Jaffalie anakhalabe chikwezere dzanja mpaka galimoto inakhotera mumsewu wa ku Monkey Bay. Kenako anatsitsa dzanja lija pang'onopang'ono, naliika m'thumba la mkanjo wake.