Nsanda ya a Yakubu

Kuyambira ku Sinda mpaka ku Vubwi, funsani dalaivala aliyense, wa minibasi kaya wa thiraki ya thonje, adzakuuzani kuti sinabadwe rediyeta yowabisira a Hamid Jafali pamene ikudontha. Ntchitoyi anaiphunzira atagona chagada pansi pa mathiraki ku Nakonde, anakaikhwimitsa ku Beira, ndipo ku Tete, kumene dzuwa limakazinga dzira pa boneti, madalaivala ankawadikira pamzere ngati odwala pachipatala. Anzawo ankafufuza ndi tochi, iwo ankangotchera khutu. Ndi manja omwewo anamanga sitolo ya nsalu pa Katete, nagula vaneti yoyera ya rediyeta ya mkuwa, osati zapulasitiki zamasiku ano.

Pakamwa pawo napo panali pothwa. Munthu akabwera ndi rediyeta yothiridwa mazira kapena fodya wa mphuno, ankaitana msika wonse kuti udzaone.

Mmawa wina mu Okutobala, chaka chimene mvula inakana, foni inalira akutsegula sitolo. Anali a Zainab, mkazi wa mkulu wawo Yakubu, mlimi wa nsawawa ku Vubwi.

“Alamu, achimwene anu atisiya.”

A Hamid anakhala pansi pa khonde, maloko ali m'manja. Analira mokweza, osasamala odutsa. Koma misozi isanaume, pakamwa panayamba ntchito yake.

“Nsanda musagule, alamu. Mwamva? Nsalu za kumeneko zimaonekera ngati neti ya udzudzu. Ndili nayo ine yochokera ku Dar es Salaam, yoyera ngati mkaka. Achimwene anga sangapite m'chiguduli.”

“Kukutentha, alamu. A shehe akuti tiwaike lero, dzuwa lisanalowe.”

“Lisanalowe? Ine ndifika lili paliwombo. Auzeni asambitse, nsanda ili m'njira.”

Anaika mpukutu wa nsaluyo pampando wakutsogolo, naukuta ndi pulasitiki kuti fumbi lisaufike, nanyamuka.

Anadutsa Chadiza bwinobwino. Kutsogolo kwake msewu unali wa fumbi lofiira ndi mabampu ogwedeza mano. Minda inali mbee, mitsinje mchenga wokhawokha. Fungo ndi limene linayamba kuwauza, fungo la chitsulo chouma ndi ludzu. Atayang'ana kamuvi ka kutentha, kanali katakwera kale. Anazimitsa injini pomwepo, nthunzi ikutuluka m'mbali mwa boneti.

Chivindikiro cha rediyeta sachitsegula madzi akuwira. Anawaonapo amuna atasupuka nkhope ku Beira. Anadikira, akuyendayenda pamsewu, akuyang'ana dzuwa. Itazizira anayamba kufufuza. Mapaipi a mphira anali olimba. Mphira ya chivindikiro inali yamoyo. Pampu ya madzi inali youma. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo: wakuda bwino, osaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi sanalowe m'injini. Inatsala rediyeta yokha. Anathiramo madzi awo akumwa onse, nagwada. Madzi anatsika pansi chuchuchu, koma pochokera pake panabisika kuseri kwa chotchinga cha fani, m'matope a fumbi.

Panalibe mudzi pafupi. Patapita nthawi panatulukira bambo wina pa njinga, zigubu ziwiri za madzi atazimanga kumbuyo, kathumba ka makala pamwamba. Dzina lake anali Obadiya, wootcha makala.

“Yatopa, abwana?” anatero akutsika. “Thiranimo mazira awiri. Amalume anga anafika nawo ku Chipata.”

Tsiku lina lililonse a Hamid akanamuseka mpaka kumugwetsa pa njingapo. Tsikuli anangoyang'ana tayala lake.

“Bambo, ndipatseni chubu chanu ndi pampu.”

“Chubu? Nanga ine ndikafika bwanji kwathu? Pamutu?”

“Ndiyenera kuchidulanso.”

“Aaa! Inu a m'tauni, mukapempha moto mumanyamula ndi mbaula yomwe.”

A Hamid anatsegula chitseko, namuonetsa mpukutu woyera uja. “Iyi ndi nsanda. Mkulu wanga wagona ku Vubwi, akudikira ine.”

Obadiya anavula chipewa. Anatsitsa zigubu, nagadabuza njinga.

A Hamid anamasula rediyeta ndi sipanala, naigoneka pamsewu. Anadula chubu pakati, mbali ina anaiveka kukamwa kwa pamwamba, inayo kukamwa kwa pansi, namanga ndi mphira zolimba.

“Popani. Pang'onopang'ono, si tayala la ngolo.”

Obadiya anapopa. A Hamid anatseka maso, nayendetsa khutu pamwamba pa timapaipi tamkuwa, mzere ndi mzere, ngati munthu womvera mwana m'chifuwa. Pakona ya pansi anamva kamluzu kakang'ono kwambiri.

“Imani. Ndi pano.”

Anapukuta fumbi ndi malaya. Pansi pake panali chinthu chobiriwira, cholimba: sopo wa mtanda, wokanyidwa ndi kukanikizidwa mosamala pakati pa timapaipi tiwiri tothyoka. Theka linali litagwa ndi mabampu. Magazi anawakwera kumutu.

“Ndani chitsiru chimene chinamata galimoto yanga ndi sopo wochapira?”

Anabweretsa nkhope pafupi. Pa theka lotsalalo panali chidindo cha chala chachikulu, mizere yake yonse ikuoneka, ndipo pakati pake panadutsa mzere umodzi wakuya. Chala chimenecho ankachidziwa: chinali cha a Yakubu. Chinang'ambika ndi chikwakwa ali ana, tsiku limene a Yakubu ankamweta udzu wofolera m'malo mwa mng'ono wawo amene anathawira ku mpira.

Mwezi wathawo a Yakubu anabwereka vaneti kuti akagulitse nsawawa. Powapatsa makiyi, a Hamid anafuula anthu ali thoo pa sitolo: “Musaimwetse m'chithaphwi, achimwene, iyi si ng'ombe!” Anthu anaseka, a Yakubu nawo anaseka pang'ono, akuyang'ana pansi. Pobweza galimotoyo anali ataitsuka mpaka matayala. Tiyi anamukana. “Yayenda bwino?” “Bwino kwambiri, a Hamid.” Anakwera minibasi, osacheuka.

Ndiye kuti mwala unaboola rediyeta m'njira, ndipo bambo wa imvi anagwada pafumbi, nalowetsa dzanja kuseri kwa fani, namata ndi sopo, kuopa pakamwa pa mng'ono wake. Akanangonena, inali ntchito yoti a Hamid akanaimaliza tiyi asanazizire.

“Mwapeza, abwana?” anafunsa Obadiya.

“Ndapeza.”

“Nanga bwanji mwangokhala?”

Foni inalira. A Zainab.

“Muli pati, alamu? Kumanda atha kukumba.”

“Ndatsala pang'ono.”

“Munanena choncho dzuwa lili uku. Anthu asambitsa kalekale. Alamu, m'nyumba muno mukutentha, thupi silingathe...” Mawu anaduka, netiweki inathawa. A Hamid anakwera pa boneti, foni m'mwamba, koma sinabwerenso.

Mtovu wowotcherera sugwira pa sopo. Kuti awotcherere, anayenera kupala ponsepo mpaka mkuwa uwale. Anatenga mpeni, nayesa kulowetsa nsonga pansi pa sopoyo kuti amutukule wathunthu, chidindo chili chomwecho. Sopo anasweka. Tizidutswa tinagwera m'fumbi lofiira, ndipo atatitola panalibenso mzere uliwonse.

“Kolezani makala,” anatero ndi mawu osamveka ngati awo.

Obadiya anakoleza pakati pa miyala itatu, akukupiza ndi chipewa. A Hamid anatulutsa chitsulo chowotcherera m'bokosi la pansi pa mpando, nachiika pamoto. Anapala mkuwa, anadula timapaipi tiwiri tija, anapinda nsonga zake ndi chopanira. Chitsulo chitapsa, mtovu unayenda ngati mafuta, nutseka pamwamba ndi pansi. Thukuta linkagwera pa mkuwa n'kumalira tsii.

“Popaninso.”

Chubu chinafufuma, nichikhala chofufuma. Anayendetsa khutu kawiri, mzere ndi mzere. Kunali zii.

“Ha!” anatero Obadiya. “Mwaipeza ndi khutu, mwaitseka ndi makala anga. Kwathu akanena kuti ndikunama.”

A Hamid anamanga rediyeta m'malo mwake. Obadiya anathiramo madzi amene anakawatunga pa dzenje la mumtsinje wouma, akusefa ndi chipewa chomwe chija. Pansi panakhala pouma. Injini inalira, kamuvi kanakhazikika pakati. Pagalasi anamuona Obadiya akukankha njinga ya tayala lophwa, mthunzi wake utatalika kudutsa msewu.

Vaneti inathamanga ngati sinadwalepo, osadontha ngakhale kadontho.

Analowa m'mudzi dzuwa litafiira pamwamba pa mapiri. Panjira ya kumanda pankatsika amuna, makasu pamapewa, zisoti zoyera zitada ndi fumbi. Anayi ananyamula jeneza, chonyamulira maliro, mopepuka, mmodzi ndi dzanja limodzi. A Hamid anaimitsa galimoto. Amunawo anawagwira chanza mmodzimmodzi. Palibe anawadzudzula. A shehe anangoti, “Tinadikira mmene tikanathera, a Jafali.”

A Zainab anali pamphasa m'nyumba, amayi atawazungulira. A Hamid anagwada pakhomo, mpukutu uli m'manja.

“Mwawaika m'chiyani, alamu?”

“A Dorika anatithandiza.”

A Dorika anali oyandikana nawo, mayi wa mpingo wa Reformed amene ankasunga nsalu yoyera yosokera mabulauzi a amayi a chigwirizano. Ataona amuna akuyang'ana kumsewu, ntchentche zitayamba kusonkhana pazenera, anakatenga nsaluyo osafunsa munthu.

“Galimoto inavuta?” anafunsa a Zainab.

“Inavuta.”

“Achimwene anu ankaiyamikira. Ankati galimoto ya Hamid ilibe inzake.”

A Hamid anadzuka, natuluka panja, mpukutu udakali m'manja.

Kutacha anapita kumanda okha, nakhala nthawi yaitali pafupi ndi mulu wofiira. Pobwerera anatenga mpukutu uja, napita kwa a Dorika. Anawapeza akusesa pabwalo.

“Amayi, ndabweza nsalu ya mpingo.”

“Zinali zachangu zimenezi, a Jafali? Simunagone n'komwe.”

“Landirani. Iyi ndi yochokera ku Dar...” Analekeza pomwepo.

A Dorika anasamba m'manja, nachotsa pulasitiki, naipapasa nsaluyo pakati pa zala.

“Ndi yokhuthala. Yathu ija inali yopepuka.”

“Inawakwana?”

“Inawakwana. Anali munthu wochepa thupi.”

“Tengani yonse.”

“Iyayi. Amayi akandifunsa kuti yowonjezerayi yachokera kuti.”

Anagwira nsonga pamphuno, natambasula mkono, akuwerenga chapansipansi, nsalu ikuunjikana pamphasa. Atafika pamene ankafuna analuma m'mphepete, nang'amba. Phokoso lake linathawitsa nkhuku.

“Mamita khumi ndi awiri,” anatero. “Basi, palibenso ngongole.”

Yotsalayo anaipinda bwinobwino, naiika m'manja mwa a Hamid.