Damu la ku Jinja ndi Damu la Kariba

Gregorio anabwerako ku Kariba, kumene ankamanga damu pa mtsinje wa Zambezi, mu 1959 ali ndi jekete la khaki, chipsera pachala, ndi pakamwa posatsekeka. Tsiku lokaonekera kwawo kwa Ellina, ku Magomero, amalume a Gregorio, a Stanford, anamutsina khutu ali panjira. "Wofuna mkazi sayankhula. Ukakhale pamphasa, maso pansi. Ukangotsutsana ndi atsibweni ake a mtsikanayo, mkazi wapita."

Gregorio ankamukonda Ellina kwabasi, choncho analumbira.

Tsoka lake, atsibweniwo, a Benedicto, anagwirapo ukhukhi kwa mzungu ku Jinja, m'dziko la Uganda. Alendo asanalawe n'komwe thobwa, nkhani inali itafika kale kumeneko.

"Damu la ku Jinja lilibe linzake," anatero a Benedicto. "Madzi amagwera pamakina, makina n'kuzungulira, magetsi mbee mpaka ku Kampala. Khoma lalitali ngati lija kulibe padziko pano."

Gregorio anafuna kuyankha. Iye amene anasenza simenti zaka zitatu pa Zambezi! A Stanford anamuponda chala. Kuseri kwa nkhokwe, Ellina ankamupukusira mutu.

"Ngakhale azungu amalivulira chipewa," anawonjezera mkuluyo.

Apo ndiye mnyamata analephera kudzigwira. "Pepani bambo, la ku Jinjalo ndi kamwana! Mutasanjikiza anayi otero ndiye mwafika pa Kariba. Likadzangoyamba, lidzayatsa Salisbury ndi migodi ya ku Kitwe yomwe."

A Stanford anayamba kufunafuna chipewa chawo. Gregorio anagwidwa ndi chisoni, poona kuti wataya mkazi chifukwa cha khoma la eni ake.

A Benedicto anadzuka pang'onopang'ono. "Iwe, makina opangira magetsi ndi madzi unawaona ndi maso ako?"

"Ndinawagwira ndi manja angawa, bambo."

Mkuluyo anatembenukira abale ake, misozi ili lengelenge. "Mwamva? Zaka zisanu mukunditcha wabodza m'mudzi muno, ati madzi amazimitsa moto, sayatsa nyale. Lero mboni yabwera yokha ndi miyendo yake!" Kenaka anagwira Gregorio paphewa. "Ellina, onjeza thobwa. Uyu amange nyumba pafupi ndi yanga. Za kutalikazo wanama, koma tizikambirana bwinobwino m'mawa uliwonse."