Mluzu wa a Merv

Chilolezo chopha dingo uja, galu wakutchire, chinabwera Lachiwiri m'mawa. Bwana wathu anandipatsa pepalalo maso ali kwina.

"Desley, ndi wamkazi uja wa ndolo yachikasu. Iwe ndi amene umamudziwa bwino."

Ndinkamudziwadi. Ndolo yapulasitikiyo, yomuzindikirira, ndinamuveka ndine ali wamng'ono, chaka chimene ndinayamba ntchito yoyang'anira nyama pachilumba chathu cha K'gari. Tsopano anali ataluma kamtsikana ka zaka zinayi pantchafu, makolo ake ali kalikiliki kujambula mafunde. Aka kanali kachitatu kuluma munthu mwezi umodzi.

Tinamusaka masiku atatu, ine ndi Kerrod, mnzanga wa pantchito. Misampha ankangoizungulira, mapazi ake tinkawapeza pamchenga basi.

"Tingotopa chabe apa," anatero Kerrod. "Amene angamuitane ndi madala aja a tenti yabuluu."

Madalawo, a Merv Tolhurst, anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi mphambu zinayi. Chaka chilichonse nyengo ya nsomba ikafika ankawoloka papantoni, chombo chonyamula magalimoto, ndi akazi awo a Glenys, n'kukhoma tenti kutali ndi mpanda woteteza alendo kwa dingo. A Glenys atamwalira iwo sanasiye kubwera. Tonse tinkawaganizira kuti amadyetsa dingo, zomwe lamulo limaletsa, koma panalibe anawagwirapo.

Ndinawapeza akumanga mbedza pafupi ndi galimoto yawo.

"Wabwera kudzandimanga, mwanawe?"

"Ayi bambo. Ndabwera kudzapempha."

Ndinawafotokozera zonse. Anandimvetsera chingwe chili kukamwa, kenako anachilavula.

"Ndiye ukufuna ndimuitane ine kuti mumuphe?"

"Eya."

"Iwe, mtima uli nawo?"

"Ndili nawo. Tikapanda kumupeza mawa, kubwera anthu a kutsidya ndi mfuti zawo. Iwowo samudziwa. Amuthamangitsa tsiku lonse, mwina amulasa mwendo, mwina apha wina wosalakwa."

Anakhala pa kulabokosi yosungiramo nsomba, n'kumayang'ana kunyanja.

"Chaka chimene Glenys anandisiya ndinkalankhula ndekha pano ngati wamisala. Tsiku lina ndingoona dingoyo wakhala apo, akundimvetsera. Ndinamuponyera mutu wa nsomba. Umodzi wokha."

"Umodzi wokha zaka zitatu, bambo?"

Anaseka pang'ono, koma kusekako sikunapite patali.

"Nanga mwanayo ali bwanji?"

"Amusoka, wayamba kuyenda. Koma amayi ake akuti akangoona galu, ngakhale wa pachithunzi, akukuwa."

Anapukuta manja pa kabudula nthawi yaitali, ngati pali china chokanirira.

"Ubwere mawa dzuwa likamatuluka. Amakonda nthawi imeneyo."

M'mawa mwake tinaimika galimoto kuseri kwa chulu cha mchenga. Dokotala wa ziweto anatsala m'galimotomo, Kerrod anagona chafufumimba m'udzu ndi mfuti ya mankhwala ogonetsa. Ine ndinaima ndi a Merv poyera. Anayesa kuimba mluzu womuitanira, koma kunangotuluka mpweya.

"Milomo yauma," anatero.

Ndinawapatsa botolo langa la madzi. Anamwa, anayesanso. Kachitatu mluzu unamveka, wautali kenako waufupi.

Posakhalitsa tinamuona akutsetsereka pamchenga, mchira uli m'mwamba, osaopa chilichonse. Ine sanandilabadire n'komwe. Anaima pataliko pang'ono, mutu atapendeketsa, kudikira dzanja la a Merv. Mfuti ya Kerrod inangoti phu! Dingo anadumpha, anathamanga pang'ono, miyendo inayamba kumukana, mpaka anagona cham'mbali.

Dokotala akukonza jakisoni womaliza, a Merv anandigwira mkono.

"Ndingamukhudze?"

Ndinayang'ana dokotala, iye anagwedeza mutu kuvomera. A Merv anagwada movutikira, anaika dzanja pakhosi pake, kenako analitsitsa m'nthiti.

"Zaka zonsezi sindinamukhudzepo, ukudziwa? Ndimaganiza kuti ubweya wake ndi wofewa. Kani ndi wokhakhala chonchi." Anaweramira kukhutu kwake. "Pepa, mayi. Wolakwa ndine."

Dzanjalo sanalichotse mpaka dokotala atanena kuti mtima wasiya kugunda.

Madzulo ake, dokotala atamaliza kumuyeza, kunabwera azakhali anga a Noeleen, mmodzi mwa akuluakulu a mtundu wathu wa Chibutchulla, eni chilumbachi. Iwo samanena kuti dingo, amati wongari, ndipo salola kuti wongari atayidwe ngati zinyalala. Anafika ndi masamba ofukizira ndi fosholo. Ataona a Merv ataima pambali chipewa chili m'manja, anawayandikira.

"Inu ndi amene munamuphunzitsa kupempha?"

"Ndine, mayi."

"Ndiye gwirani fosholoyi."

Kerrod anafuna kuwalandira, koma azakhali anamubweza ndi diso. A Merv anakumba pang'onopang'ono, akupumira panjira, thukuta lili kamukamu. Mchenga unkagumukira m'dzenjemo, iwo n'kumauchotsanso. Titamuika, azakhali anayatsa masamba aja, utsi unatikuta tonse anayi. Analankhula mawu ochepa m'chinenero chathu, ena mwa iwo ine sindiwadziwa n'komwe.

Kenako anatsegula fulasiki, kapu yoyamba anapatsa a Merv.

"Akazi anu anamwalira liti?"

"Zaka zitatu zapitazo."

"Amuna anga zatha zisanu ndi zinayi. Inenso ndinalankhulapo ndi ketulo, musaone ngati ndinu oyamba." Anapemerera tiyi wawo. "Koma munthu akasowa wocheza naye amapita kwa anthu. Wongari ali ndi abale ake. Loweruka timawotcha nsomba kwathu, Desley adzakutengani. Mubwere ndi zanu, zathu sizikwana."

Loweruka ndinakawatenga. Ndinawapeza atameta ndevu, atavala malaya a kolala, nsomba zisanu ndi imodzi zili m'kulabokosi. Titafika anaima pageti ngati mwana watsopano kusukulu, mpaka azakhali anakuwa ali pakhonde.

"Kodi mukudikira mluzu? Lowani!"

A Merv anawotcha okha nsomba zawo. Azakhali analawa, n'kunena kuti munthuyu mchere amaumira. Anakangana za mcherewo mpaka mbale zinatsukidwa, ndipo pobwerera a Merv anandifunsa ngati Loweruka linalo kudzakhalenso moto.