Kabati Yobiriwira ya ku Mitundu

A Efulemu Chisale atamwalira mu 1990, katundu wawo anagawidwa pakhonde pawo ku Mitundu. Ngolo ndi ng'ombe zinapita kwa ana a alongo awo, njinga inagwera Yona, mnyamata wotsiriza m'nyumbamo. Zipora, mwana wawo wamkazi amene anakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Nathenje, anapempha kabati basi.

Inali kabati yolemera, ya mashelefu pamwamba ndi zitseko ziwiri m'munsi. Khirisimasi iliyonse ikamayandikira, bambo akewo ankagula kachitini ka penti yobiriwira n'kuipakanso, mpaka zitseko zinayamba kuvuta kutseka. Zipora ankati akamva fungo la penti, amakumbukira bambo ake atavula malaya, akuimba mluzu.

"Chinthu chakalechi ukachitani? Ingochisiya pompano," anatero mayi ake, a Enifa.

Zipora anaumirira. Yona, amene masiku amenewo ankavala malaya ofiira a achinyamata a chipani n'kumaima pachipata cha msika kufunsa anthu makadi a chipanicho, ndiye anaikweza pa lole yopita ku Nathenje.

Kumeneko mwamuna wake, Maxwell, anamulozera kalipentala wina woti aikonze, kuseri kwa chigayo, dzina lake Gilibati. Anali bambo wofatsa, wotsimphina, wosakonda kucheza ndi anthu. Anaizungulira kabatiyo, n'kukanda pang'ono ndi mpeni pamwendo.

"M'katimu ndi mlombwa uwu," anatero. "Amene anapaka penti pa mlombwa anaulakwira mtengo."

"Anali bambo anga. Angotisiya kumene."

"Pepani, mayi, pakamwa pandithamangira. Ndipala yonse, ndikwecha, ndipaka vanishi. Mubwere Loweruka."

Loweruka lisanafike, uthenga unam'peza Zipora akuchapa, woti apite msanga. Anaganiza kuti mwina apeza chiswe. Atakhota pachigayo anaona kabati ili pansi pa mtengo wa mango, pansi ponse pali mbee timakoko ta penti. Theka lake linali litapalidwa ndi zidutswa za galasi, thabwa lofiirira likuoneka. Koma mbali yakumanja inali yakuda bii, yowauka ndi moto wakalekale. Pachitseko chakumanzere panali zilembo zootcha ndi waya wamoto: ESITERE.

A Gilibati anali atakhala padothi, miyendo atatambasula ngati munthu wapamaliro. Pambali pawo panaima mayi woonda, manja ali kumutu.

"Awa ndi akazi anga," anatero a Gilibati. "Dzina lawo ndi limeneli mukuliwerengalo. Kabatiyi ndinaipanga ndine, chaka chimene ndinawakwatira. Bambo anu anaipeza kuti?"

"Anagula," Zipora anayankha msanga, ngakhale sankadziwa. "Mwina munagulitsa n'kuiwala."

A Gilibati anayang'ana kumsewu, kuchigayo, ndiye n'kutsitsa mawu.

"Mukakanena zimene ndikuuzenizi, tatha. Ife ndife a Mboni za Yehova. Tinkakhala kuseri kwa Mitundu, njira ya ku Dzalanyama. Chilimwe cha 1972 achinyamata a chipani anatibwerera masana, chifukwa tinkakana kugula makadi."

Mayi aja sanadikire kuti amuna awo amalize. Anagwada, natsegula chitseko cham'munsi, nalowetsa dzanja m'katimo.

"Ndinamugoneka apa," anatero. "Jeremiah, mwana wathu. Anali asanayambe n'kukhala komwe. Nditamva akuimba kumsewu ndinamukulunga m'chitenje, ndinamuika apa, chitseko ndinasiya chotsegula pang'ono kuti azipuma. Ndinkati abwera, atimenya, apita. Koma anatikokera kudambo. Mwendo wa abambowa unathyokera kumeneko. Pocheuka ndinaona denga likuyaka. Ndinakuwa kuti muli mwana, muli mwana! Wina anandimenya pakamwa. Anatipirikitsa osatilola kubwerera, mpaka tinalowa m'nkhalango, mpaka ku Mozambique."

Anatulutsa dzanja lija n'kumuyang'ana Zipora m'maso.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikudziwa kuti mwana wanga anapsera m'kabati imene ndinamuikamo ndekha. Lero kabati nayi, sinapse. Nanga mwana wanga ali kuti?"

Chaka chimenecho Zipora anali mtsikana wa Sitandade 3, ndipo bambo ake anali apampando a nthambi ya chipani m'mudzi mwawo. Anakumbukira ngolo ikulowa pabwalo itafunditsidwa udzu, bambo ake akununkha utsi, akuthamangitsa ana kuti akasewere kutali. Pobwera madzulo anapeza kabati yatsekeredwa m'chipinda, mayi ake atanyamula khanda. Anauzidwa kuti ndi mwana wa azakhali a ku Diamphwe amene anamwalira pochira. Maliro a azakhaliwo palibe anapitako. Dzina lawo silinatchulidwenso.

"Mwanayo," Zipora anafunsa, "anali ndi chizindikiro chilichonse?"

"Anabadwa ndi kachala kowonjezera kudzanja lamanzere. Tinakamanga ndi ulusi wakuda kuti kagwe. Kanali kasanagwe."

Ulusi umenewo Zipora anauona ndi maso ake. Ankauseweretsa pomulera Yona, mayi ake n'kumamukalipira. Zipora anangotembenuka n'kuyamba kuyenda, a Esitere akumuitana kumbuyo, mpaka anapitirira nyumba yake osaiona.

M'mawa mwake anakwera basi ya ku Lilongwe, n'kusinthira ya ku Mitundu. Anapeza mayi ake akutonola chimanga kuseri kwa nkhokwe. Sanapereke moni.

"Amayi, Yona ndi mwana wa ndani?"

Chitsononkho chinagwa m'manja mwa a Enifa.

"Ndinakuuza kuti uisiye kabati ija," anatero.

"Ndiyankheni."

"Bambo ako anangosirira kabati. Anzawo ali kudambo, iwo anaona denga lagwira moto, ndiye anaikokera panja ndi mnzawo n'kuiponya pangolo. Phokoso linali lalikulu, sanamve kanthu. Atafika kuno, potsitsa, kabati inalira."

"Inalira?"

"Inalira, mwananga. Ine ndinathawira kumunda. Bambo ako anatsegula, n'kukhala pansi pomwepo. M'mawa anabwerera kuja, anapeza phulusa lokhalokha, anthu atapita. Akanakauza ndani? Kuti apampando akusunga mwana wa a Mboni? Ndinamulera ndi mkaka wa mbuzi. Kodi unaonapo tsiku limene ndinamusiyanitsa ndi iwe?"

"Mayi ake ali moyo, amayi. Bambo akenso. Ali ku Nathenje. Zaka zonsezi ankadziwa kuti mwana wawo anapsa."

A Enifa anagwira pamtima, nagwada pachimanga chija, n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu.

Yona anafika masana kuchokera kumsika, malaya ofiira atanyowa thukuta. Zipora anamutengera kuchigafa, kumene kunalibe anthu, namuuza zonse. Poyamba mnyamatayo anaseka.

"Achemwali, maliro akusokonezani mutu."

Zipora anamugwira dzanja lamanzere n'kumuonetsa kachipsera kapafupi ndi chala chaching'ono. Kuseka kunatha.

"Mukuti ine ndine wa Mboni? Ine?" Anasolola dzanja lake. "Mwezi wathawu ndinatayira mayi wina tomato pachipata chifukwa analibe khadi. Ndinamupondera dala. Anangondiyang'ana." Anatsamira mzati. "Ndiye ababa ankandiona ndikuvala malayawa m'mawa uliwonse, n'kumandiuza kuti ndikuoneka bwino?"

Anatuluka, natenga njinga, napita. Sanagone pakhomo tsiku limenelo, kapena lotsatira.

Apa mantha anamugwira Zipora. Anali ataulula anthu obisala kwa munthu wa malaya ofiira, atatchula ndi malo omwe. Atabwerera ku Nathenje anapita kwa a Gilibati n'kuwauza zoona zonse, kuti mwana wawo ali moyo, ndiponso zimene amachita pachipata cha msika. A Esitere anagwa pansi, amuna awo anachita kuwathira madzi. Atatsitsimuka, Zipora anawapempha kuti ayambe athawira kwina.

"Tinathawapo kamodzi n'kusiya mwana," anatero a Esitere. "Akabwera ndi anzake, abwere. Bola ndimuone."

Panapita masabata. Galimoto iliyonse ikaima pachigayo, Zipora ankathamanga kukasuzumira. Ndiye tsiku lina m'mawa, akusesa pabwalo, anaona Yona ataima pampanda ndi njinga, yekha, atavala malaya akale a sukulu. Anali ataonda.

"Ndinali kwa mnzanga ku Diamphwe," anatero. "Ndinafunsa za azakhali aja mudzi wonse. Palibe akuwadziwa. Ndiperekezeni."

Atafika kuseri kwa chigayo anapeza a Gilibati akupala thabwa. Bamboyo atadzutsa mutu anasiya puleni. Zipora anawayang'ana awiriwo n'kudabwa kuti sanazione bwanji tsiku loyamba lija: mphumi imodzimodzi, makutu amodzimodzi. A Esitere anatuluka m'nyumba manja ali ndi ufa. Sanathamange. Anafika pang'onopang'ono, natenga dzanja lamanzere la mnyamatayo, nalitembenuza.

"Kanagwa," anatero. "Kanagwa bwinobwino."

Yona anagwada monga amagwadira mlendo wamkulu.

"Muli bwanji, mayi?"

"Ndili bwino, bambo. Mwakula."

Atatuwo analowa m'nyumba n'kutseka chitseko, Zipora anatsala panja.

Nkhaniyi sinamveke kwa anthu. A Gilibati anamaliza kabati ija, mbali yowaukayo anaisiya momwemo n'kungoipaka vanishi, ndipo Zipora anakana kuitenga. Yona anauza anzake a pachipata kuti akudwala chifuwa, kenako anati wapeza malo ophunzira ukalipentala ku Nathenje. Ankakhala kumeneko pakati pa sabata, Loweruka n'kupalasa njinga kubwerera kwa a Enifa, amene sanasiye kuwatcha amayi. Za mapemphero a makolo ake sanalowe nawo, ndipo iwo sanamukakamize. Dzina la Jeremiah linkamveka m'nyumba mokha, ndipo nthawi zambiri sankacheuka.

Chaka chitatha, a Enifa anagonekedwa m'chipatala ku Mitundu ndi chibayo. A Esitere anapempha Zipora kuti awatengere kumeneko. Zipora anaopa, koma anawatenga. Amayi awiriwo anayang'anizana osapatsana moni. Kenako a Esitere anakhala m'mphepete mwa bedi, nafunsa kuti mwanayo anayamba kuyenda ali ndi miyezi ingati, anadwalapo chikuku kapena ayi, mawu ake oyamba anali otani. A Enifa anayankha mafunsowo limodzi ndi limodzi, akutsokomola, mpaka namwino anabwera kudzanena kuti nthawi yoona odwala yatha.