Diso la Ng'ombe pa Galimoto ya Azamba

"Kokani chitsekocho, ndipo pansipo mutsekepo ndi ziguduli," anatero Bambo, akupukuta manja ndi chinsanza chakuda kuposa manjawo.

Anali masana, dzuwa likuswa mtengo, koma ife tinkafuna mdima m'galaja. Ine ndi achimwene tinakoka chitseko chamalata mpaka chinalira, kenako tinayamba kufinyikiza ziguduli paliponse pamene kuwala kunkalowera. Achimwene ankagwira ziguduli ndi zala ziwiri, kuopa kudetsa malaya a ku ofesi.

Pakati pa galaja panali galimoto ya Azamba, itayang'ana kukhoma. Eni akewo anakhala pa mpando wa galimoto yakufa umene timalandirirapo alendo, chikwama pamiyendo, nkhope ili ndwii. Anali ndi chifukwa chokwiyira. Sabata yapitayo Bambo anawalozetsera nyali ine kulibe, ndipo tsiku lina m'bandakucha, akuthamangira mayi amene matenda anamuyamba, anatsala pang'ono kugunda munthu wokankha wilibala.

"Nyali zanu zikundionetsa mitengo, a Fyuzi," anali atatero pofika. "Nthambi iliyonse ndikuiwerenga. Koma odwala anga sakhala m'mitengo."

A Fyuzi ndi dzina limene madalaivala anapatsa Bambo ine ndisanabadwe. Zaka makumi anayi anakhala akukonza magetsi a galimoto, ndipo pa nkhani yolozetsa nyali panalibe wowaposa. Njira yawo inali imodzi. Ankayeza kutalika kwa nyali ndi ndodo, n'kuimika ndodoyo kukhoma, n'kulemba mzere wa choko pamutu pake. Galimoto inkaima mapazi khumi kuchokera kukhomako, ndipo kuwala kunkayenera kugwera zala zinayi pansi pa mzere. Ine ndinaphunzira zimenezi ndisanadziwe n'kuphika komwe.

Kenako ng'ala inalowa m'maso mwawo mwakachetechete. Manja anali akadali anzeru, waya aliyense ankamudziwa pomukhudza, koma kuwala pakhoma sankakuonanso pamene kwayambira ndi pamene kwathera. Ankapotoza sikuluu mongoganiza, n'kumenya boneti kuti yatha. Ine ndinkadikira kuti apite kukasamba m'manja kuseri, ndiye ndinkakonza msangamsanga mwini galimoto asanalize injini. Ndinachita zimenezi zaka ziwiri, ndipo sindinaone kuti n'kulakwa. Ndinkawakonda, komanso ndinkawaopa.

Tsiku limene mwana wanga anadwala ine n'kupita naye kuchipatala, ndi limene Azamba anabwera kudzalozetsa nyali zija. La fote linakwana.

Achimwene atamva za wilibala ija, anafika m'mawa wa tsiku limene Azamba anabweranso ndi galimoto yawo n'kundikokera pambali. "Mlongo, tadikira kokwanira. Kodi mpaka afe munthu? Lero ndi lomaliza. Galimoto imeneyi ikangotuluka, ndiwauza kuti azikakhala kunyumba."

Sindinathe kuwatsutsa, chifukwa ankanena zoona. Koma ndinkadziwanso kuti Bambo mukawachotsa m'galaja, mwawakumbira manda.

Azamba sanabwere chimanjamanja. Mkamwini wawo anawagulira nyali ziwiri zatsopano zimene amati pulojekita, ndipo anazibweretsa m'katoni. Nyali zimene Bambo anakula nazo ndi zija za mbale: babu pakati, kumbuyo kwake mbale yonyezimira yoponya kuwala kutsogolo. Izi zinali zina. M'kati mwake munali kagalasi kobulungira, kokhuthala, kotuzuka. Bambo anakasisita ndi chala n'kutsonya.

"Diso la ng'ombe ili. Kanthu kakang'ono chonchi kangaunikire msewu? Ika imodzi yokha, mwanawe, inayo usiye ya mbale. Tiziyatse pakhoma. Khoma silinama."

Ndi chifukwa chake tinali mumdima masanasana, thukuta lili kamukamu, galimoto ili ndi maso awiri osiyana.

"Phimba chachilendocho," anatero Bambo. "Tiyambe ndi mwini mudzi."

Ndinaponya chiguduli pa pulojekita, achimwene n'kuyatsa. Nyali ya mbale inathira kuwala kwake kwachikasu monga mwa masiku onse, chibulunga chowala pakati, kwinako kukumwazikira uku ndi uku ngati madzi otayidwa pabwalo. Koma chibulungacho sichinali pansi pa mzere wa choko. Chinali pamwamba penipeni, chikuunikira akangaude a kudenga ndi matayala akale amene tinapachika kumeneko.

"Mwaona?" anatero Bambo monyada. "Nyumba yonse yawala."

"Ndi mitengo yanga ija," anayankha Azamba.

Achimwene anandiyang'ana kudzera pagalasi la kutsogolo. Ine ndinayang'ana pansi, manyazi atandigwira ngati ndine ndalakwa.

"Sintha," anatero Bambo.

Ndinachotsa chiguduli pa pulojekita n'kuphimba ya mbale. Zimene zinaoneka pakhoma paja sindidzaziiwala. Khoma linagawika pawiri. Pansi panali mbee, kuyera kosalala kofanana kuyambira kona iyi mpaka kona iyo, moti ndinaona ming'alu ya pulasitala imene ndinali ndisanaionepo chibadwire. Pamwamba panali bii. Pakati pa ziwirizo panadutsa mzere wowongoka, wakuthwa ngati wodulidwa ndi lezala, ndipo chapakati unakwera pang'ono n'kupitirira, kuti mbali ya oyenda pansi iziwala patali koma wobwera kutsogolo asathobwe m'maso. M'mphepete mwa mzerewo munali kaulusi ka mtundu wa buluu wopita kofiirira, kakunjenjemera pang'onopang'ono.

Poika nyaliyo ndinali nditaona kachitsulo kakang'ono kumbuyo kwa galasi, kotchinga kuwala kopita m'mwamba. Ndinkadziwa kuti ndi kameneko kakuchita zimenezi. Komabe kudziwa sikunandithandize, tsitsi linandiima ndithu. Moyo wanga wonse ndinkayesa kuti kuwala n'chinthu chosamva, chopita kumene chafuna. Sindinkadziwa kuti munthu angakuuze kuti ulekeze apa, iko n'kumvera.

Tonse maso anali pakhoma. Azamba anagwiritsitsa chikwama chawo.

Bambo anayamba kuyenda kulunjika kukhoma, pang'onopang'ono, osatambasula dzanja kutsogolo monga ankachitira masiku amenewo. Atafika anaika chala pa mzere wa kuwala uja, ndendende, n'kuyamba kuutsata. Anayenda nawo mpaka pokwera paja, chala chinakwera nawo, n'kupitirira mpaka kukona.

"Mwanawe," anatero ndi mawu otsika, "ichi chili apa, kapena ndi maso angawa?"

"Chili pomwepo, Bambo."

"Ndikuchiona. Apa pali kuwala, apa palibe." Anasisita mzerewo ndi chala. "Papita zaka ndisanaone chinthu chokhala ndi polekezera."

Misozi inalengeza m'maso mwanga, ndipo ndinathokoza kuti tinali mumdima. Bambo anapapasa ndodo yawo imene inali itatsamira khoma, napeza mutu wake, nasanja zala zinayi pansi pake.

"Yakwera ndi zala ziwiri," anatero. "Waika ndani?"

"Ine, Bambo. Ndinali ndisanalozetse."

"Bweretsa sikuludiraiva."

Anabwerera kugalimoto, nalowetsa dzanja pansi pa boneti osayang'anamo, maso ali kukhoma. Anapotoza kamodzi, mzere wonse unatsika pamodzi ngati nsalu ya pawindo. Anapotozanso theka, naima, nabwezera pang'ono.

"Pita ukayeze."

Ndinapita n'kusanja zala zanga pansi pa choko. Zinakwana zinayi, osapitirira, osaperewera. Ndinacheuka kuti achimwene aone okha, ndipo ndinapeza atatuluka kale m'galimoto, ataima kumbuyo kwanga, kukamwa kuli yasa.

"Tsopano chotsa chiguduli," anatero Bambo. "Ziyake zonse."

Ndinazengereza, koma mawu a Bambo sabwerezedwa. Nditachotsa, chibulunga chachikasu chija chinabwerera kudenga, kutali pamwamba pa mzere woyera. Poyamba Bambo analibe choyerekezera nacho. Tsopano mzere unali pamenepo ngati mboni, ndipo ngakhale maso a ng'ala anaona kuti chifunga chowalacho chakhala kumene sichiyenera kukhala. Bambo anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali.

"Iyi ndinalozetsa ndine?"

"Inde, Bambo."

"Sabata yatha, iwe uli kuchipatala."

"Inde."

"Nanga zina zonse zija, zaka ziwirizi, bwanji sizinabwerere?"

Kunja kunadutsa lole, malata ananjenjemera.

"Ndiye chifukwa chake unkandiumiriza kukasamba m'manja ndi sopo," anatero Bambo. "Ine n'kumati ndinabereka mwana waukhondo."

Azamba anaphulika kuseka, kenako anadzigwira pakamwa. Ine ndinaseka ndikulira. Bambo sanaseke. Anatembenukira kumene kunachokera kusekako, navula chipewa.

"Mayi, munthu wa wilibala uja ndikanamupha ndine. Mundikhululukire."

"Ali moyo, a Fyuzi. Anangonditukwana basi."

"Anachita bwino." Anavalanso chipewa n'kunditambasulira sikuludiraiva. "Kuyambira lero za mbale ndi zako. Uzikonza poyera, ine ndili pomwepo, osati mozemba ngati wakuba. Koma za diso la ng'ombe zikabwera, undiitane. Zimenezo ndi zanga. Tsopano chotsa iyo, uike inzake."

Ndinagwira ntchitoyo achimwene akundiunikira ndi foni. Ine sindinkadziwa ngati mawu a m'mawa aja anali adakali m'kamwa mwawo. Nditalumikiza waya womaliza, Bambo analozetsa yachiwiriyo okha, mpaka mizere iwiri inakumana n'kukhala umodzi.

Azamba anaimirira, nati odwala akuwadikira. Achimwene anapita kuchitseko, nagwira chogwirira, naima pomwepo. Anakhosomola.

"Bambo."

"Ee?"



"Mawa mutsegula nthawi yanji? Galimoto yanga ija anthu akumandiphethirira nyali mumsewu. Mwina nayonso ikuwerenga nthambi."

"Ubwere m'mawa. Adzakuonera ndi mlongo wakoyu, yako ndi ya mbale." Bambo ananena zimenezi osacheuka. "Koma usatsegule kaye chitsekocho."

Anali atabwerera kukhoma, ataima chammbali kuti asatchinge kuwala. Anakweza dzanja lawo mumdima wa pamwamba paja, kenako anayamba kulitsitsa pang'onopang'ono. Chala chaching'ono chinalowa m'kuwala, chikhadabo chakuda ndi girisi chikuoneka bwinobwino, kenako chinzake, kenako chinzake, kaulusi ka buluu kakudutsa pa mfundo iliyonse. Dzanja lonse litalowa analitembenuza, naliyang'anitsitsa kuchikhatho ndi kumsana, milomo ikuwerenga zala chamumtima. Kenako analikwezanso mumdima n'kuyambiranso.